Nyongolotsi ya pa Chirundu

Mwana wanga woyamba anamira pa chirundu chathu mwera utangoyamba, chaka chija nkhondo yachiwiri ya azungu inali pafupi. Anali atakula, ankakoka khoka la chilimira ngati munthu wamkulu. Bwato linagudubuka. Anzake awiri anasambira nafika kumtunda. Iye sanafike. Tinayenda m'gombe monse kuchokera ku Bandawe mpaka ku Kande, masiku asanu ndi anayi. Nyanja inabweza nkhafi yake yokha.

Amene sanabadwire kunyanja sadziwa chirundu. Ndi phiri la miyala la pansi pa madzi, pamene utaka umasonkhana. Pamwamba suona kanthu, ndi madzi ngati madzi ena onse. Munthu amachipeza poyang'ana kumtunda. Mtengo wakuti ukalunjika ndi mpata wakuti wa phiri, mwala wakuti ukabisa denga lakuti, ndiye kuti wafika. Zizindikiro zimenezi sizituluka m'banja. Ine anandipatsa ndi asibweni anga, mlongo wa amayi, amene a kumwera amati amalume. Ine ndinapatsa mwana wanga. Pano sindizilemba.

Masiku ofunafuna atatha, asibweni anabwera kunyumba nakhala pakhonde.

"Mphwanga, tidule nthochi," anatero. "Anthu sangakhale ndi maliro osatseka."

Kwathu munthu akasowa m'madzi timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ndi kuliika m'manda m'malo mwake. Ndinati ayi. Anafunsa kuti ndikudikira chiyani. Anakhala pang'ono, nanyamuka.

Sindinalire. Ndinkadya chimene andiikira. Mkazi wanga ankapita kukaviika chinangwa, kubwera, kuyanika, osalankhula. Mphasa ya mnyamatayo inali chiimire pakona pamene anaipinda yekha.

Mwezi wotsatira sitima inatsitsa mzungu wina ku Chintheche. Anamanga tenti pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi doko lathu. Anthu ankati ndi wa msonkho, ena ankati wabwera kudzawerenga nsomba. Iye ankafuna nyongolotsi. Anatumiza mawu kuti akufuna munthu wa bwato wodziwa kulemba. Ine ndinalekeza Sitandade 3 kusukulu ya mishoni ku Bandawe, ndipo dzanja langa linali labwino kuposa la aphunzitsi ena. Ndinapita kukangoona.

Panja pa tenti panali mabokosi a mabotolo ndi mabeseni oyera. Pambali panali chingwe chatsopano, chokulungidwa bwino, chachitali kuposa chingwe chilichonse m'mudzi mwathu. Kumapeto kwake kunali chitsulo chamakona anayi chokhala ndi thumba lolimba, chokokera zinthu za pansi pa nyanja. Ife tinangochitcha khasu. Ndinafunsa kutalika kwa chingwecho. Anati mikwamba makumi anayi. Chirundu chathu chili pa mikwamba khumi ndi inayi. Ndinavomera ntchitoyo.

Mzunguyo anali wamtali, wowonda, wa khosi lopsa ndi dzuwa. Chinyanja chake chinali cha m'buku, Chingerezi changa chinali cha kusukulu, tinkakumana pakati. Anabwera ndi khukhi wa ku Zomba, munthu wa pakamwa.

"Atonga inu," anatero khukhiyo tsiku loyamba, "mumavala taye popita kukavuula chinangwa. Lero mwapeza ntchito yokuyenerani, achimwene. Ukalaliki wa nyongolotsi."

"Inu mumatsegulira munthu nsomba ya m'chitini ali m'mphepete mwa nyanja," ndinatero. "Tisasekane."

Anaseka yekha. Kuyambira pamenepo ankandipatsa tiyi.

Ntchito inali yotere. Tinkakoka khasu, kapena kutola miyala ndi zinyalala za m'madzi osaya, n'kuziika m'beseni la madzi a m'nyanja. Beseni ulisiye pamthunzi, usaligwedeze. Madzi akayamba kutopa, tizirombo tobisala timakwera tokha kufuna mpweya, n'kudzandanda m'mphepete. Pamenepo umatitola ndi nthenga ya nkhuku. Anandiphunzitsa kusiyanitsa. Za mphetemphete m'thupi, ngati zimene timakolera mbedza, botolo lawolawo. Misundu, ya pakamwa kutsogolo ndi chomatira kumbuyo, lawo. Zaphanthiphanthi ngati katsamba, zoyenda motsetsereka, lawo. Kwa ife zonsezi zinali nyongolotsi basi. Iye ankati zina mwa izo n'zotalikirana ubale kuposa mbuzi ndi nkhuku.

M'botolo lililonse munkalowa kapepala. Kolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiliti, mankhwala amene tinkasungiramo tizirombo. Malo, kuya kwake, ndi pansi pake ngati ndi mchenga, matope kapena mwala. Kulemba kumeneko kunali kwanga.

"Botolo lopanda kapepala ndi msuzi chabe," ankatero.

M'mawa iye ankakhala pa galasi lake lokuzira tinthu tating'ono mpaka dzuwa litakwera. Khasu linkagona m'bwato mwanga. Kukangocha ndinkapalasa ndekha kupita ku chirundu. Ndinkaponya khasu, n'kusiya mphepo inditenge pang'onopang'ono, chingwe ndikuchimva m'manja. Chikalemera ndinkakoka. Miyala. Zigoba za nkhono. Kamodzi chidutswa cha khoka lakale. Ndinkakhuthula n'kuponyanso. Dzuwa likafika pamwamba pa mitengo ndinkabwerera kukayamba ntchito ya mzungu. Sanandifunse chifukwa chake chingwe chinkakhala chonyowa kale.

Tsiku lina mwera unadzuka msanga, ndinathawa osakhuthula thumba. Nditafika kumtunda ndinathira miyalayo m'beseni, poti manja anali atazolowera. Masana ndinaona kanthu m'mphepete mwa madzi. Kanali kowonda ngati ulusi wosokera, kutalika ngati mfundo imodzi ya chala, kofiirira ngati njerwa yosapsa bwino. Kanalibe mphete. Sikanali kaphanthi. Kankayenda osapinda thupi, ngati kakukokedwa. Sindinadziwe botolo lake, ndiye ndinatenga latsopano. Nditangokagwetsera mu sipiliti kanafinyika, kanalavula ulusi woyera wautali kuposa thupi lake, kanaduka pawiri.

Ndinatenga pensulo. Ndinalemba kuti: pa mathiriro a mtsinje wa Luweya, m'mabango, mkwamba umodzi, matope.

Sindinaganize. Dzanja linalemba lokha. Msodzi wa kwathu akafunsidwa kumene wapha utaka amaloza kwina, ndipo wofunsayo amadziwa kuti walozeredwa kwina. Onse amaseka, nkhani yatha. Zimenezi sitiziyesa bodza. Koma mzungu sankadziwa zimenezo. Iye chimene chalembedwa pa kapepala ankachikhulupirira ngati Mawu a Mulungu.

Madzulo ake ankayang'ana mabotolo mmodzimmodzi monga mwa masiku onse. Atafika pa limeneli analiyandikiza kumaso. Anathira zidutswazo m'kambale, naziika pa galasi. Kenaka anafuula, khukhi mpaka anatuluka ndi mpeni m'manja.

"Njoka, bwana?"

"Mlendo," anatero mzunguyo.

Anatenga pepala najambula mtengo wa nthambi zambiri. Anati nyongolotsi zonse zinachokera kumodzi kalekale, n'kumapatukana ngati mabanja. Nthambi iyi, anatero, ndi ya zimene zili ndi lilime lalitali lobisika m'thumba pamwamba pa matumbo, limene zimaponya pogwira chakudya. Ulusi woyera uja unali lilime limenelo. Abale ake pafupifupi onse amakhala m'nyanja yamchere. Ena kumeneko amatalika kuposa bwato. Ochepa okha ndiwo analowa m'madzi opanda mchere. Iye anali atayendera nyanja yathu miyezi yambiri osaonako n'kamodzi komwe.

Ku Bandawe anatiphunzitsa kuti chilichonse chinalengedwa monga mwa mtundu wake. Sindinatsutsane naye. Komanso Mtonga sadabwa munthu akamafufuza ubale. Ife mlandu wa mwana mmodzi timaukamba masiku atatu, kuwerenga agogo a uku ndi uku.

Anati funso lake ndi limodzi. Ngati kanthuka kamakhala m'mabango a m'mitsinje, mwina ndi kamodzimodzi ndi ka m'maiwe a kwawo, kobwera pa miyendo ya mbalame. Koma kakadapezeka pakuya, pa miyala ya m'kati mwa nyanja, ndiye kuti mwina kakhala muno kuyambira kale kwambiri, mpaka kasanduka mtundu wakewake.

"Koma aka n'ka m'mabango," anatero, akuwerenga kapepala kanga. "Chabwino. Tikapeze ena amoyo. Aka mwakaononga."

Anati ayenera kuwerenga maso ake kali moyo, aone kasingano ka kunsonga ya lilime, ndiponso apite nato tina tosaduka kwawo akatidule tizidutswa topyapyala. Popanda zimenezo sangatchule dzina lake kapena abale ake.

Ndikanatha kunena pomwepo. Sindinanene.

Tinayamba kupita ku Luweya tsiku ndi tsiku. Ndi ulendo wotopetsa pa bwato. Iye ankalowa m'matope mpaka m'chiuno, akuzula mabango, ine ndikuyang'anira ng'ona. Udzudzu kumeneko umaluma ndi masana omwe. Tinkabwera ndi mabeseni odzaza. Munkatuluka misundu, tiana ta tombolombo, nyongolotsi zamphete zosawerengeka. Kofiirira kaja ayi. Sitima imene inayenera kumutenga inabwera, iye anaibweza. Anati sachoka asanakapeze.

Apo m'pamene ndinazindikira. Akakapeza achoka, ndipo khasu lichoka naye. Akapanda kukapeza akhala.

M'mawa uliwonse ndinkapitabe ku chirundu. Tsopano maso anga anali ataphunzira. Ndikatembenuza mwala wochokera pansi ndinkaona tofiirira tija m'ming'alu, tiwiri, titatu, tikutsetsereka. Ndinkaponya mwalawo m'madzi n'kuponyanso khasu. Sindinkamva chisoni kapena manyazi. Ndinkangomva kulemera kwa chingwe.

Asibweni anandipeza padoko ndikuyanika chingwecho.

"Anthu akukuona, mphwanga. M'mawa uliwonse malo amodzimodzi. Ukufuna asodzi a ku Tukombo adzawerenge mitengo yathu?"

"Ndimazungulira."

"Ndipo mzungu wakoyo usamufikitseko. Iwo chimene aona amalemba, chimene alemba chimapita ku boma. Mawa chirundu chili pa mapu."

"Sindinamuuze."

"Wachita bwino. Nanga nthochi?"

Ndinapitiriza kuyala chingwe. Anandiyang'ana, nalavula, napita.

Mkazi wanga anandifunsa kamodzi kokha. Anali akupeta ufa wa kondowole, osandiyang'ana.

"Ada, mphasa ija yayamba nkhungu. Ndichape kapena ndidikire?"

"Dikirani."

Anadikira.

Sabata yachisanu mzungu anagwa malungo. Anayamba kunjenjemera tili m'bwato, dzuwa lili pamutu. Tinamugoneka m'tenti. Kwinini anali naye koma ankasanza. Masiku atatu ankayankhula zosamveka, maso ali achikasu. Tsiku lachinayi m'mawa ndinabwera kuchokera kunyanja, ndinapeza khukhi akuchapa nsalu za pabedi. Sanandipatse tiyi.

"Achimwene, khalani pansi," anatero. "Beseni lija la kachirombo ndinatsuka ndine. Munali miyala. Matope munalibe, bango munalibe."

Ndinakhala pansi.

"Ine za nyongolotsi sindizidziwa, ndine wa mapoto. Koma munthu uyu akadzuka abwerera m'matope omwewo, ndamumva akunena. Akabwerera safika Khirisimasi. Ali ndi amake kwawo, amawalembera kalata Lamulungu lililonse, ndimakaponya ndine."

"Mwamuuza?"

"Pakamwa panga m'pakakulu, koma si pa zimenezo. Mwana wanu ndinamva. Pepani. Koma uyunso ndi mwana wa munthu."

Anabwerera ku nsalu zake.

Ndinakankha bwato nthawi yomweyo, dzuwa lili kale pamwamba, aliyense akuona. Sindinazungulire. Ndinaponya khasu kanayi. Miyala yonse ndinaisunga m'mtsuko waukulu wa madzi. Kachisanu ndinaponya osati chifukwa cha nyongolotsi. Ndinasiya mphepo inditenge kuchokera kumutu kwa chirundu mpaka kumchira, pang'onopang'ono. Munatuluka miyala. Ndinakulunga chingwe.

Mabeseni ndinawaika pamthunzi ndi kukhala pambali. Dzuwa litapendeka tizirombo tofiirira tija tinayamba kukwera. Tinakwana tisanu ndi tiwiri. Ndinatitola ndi nthenga, ndinatiika m'kambale ka madzi, osati mu sipiliti.

Mzungu anali atatsegula maso tsikulo, akumwa phala. Ataona kambaleko anafuna kudzuka, miyendo inakana. Ine ndi khukhi tinamukhazika pampando, tinamubweretsera galasi pafupi ndi khomo pamene panali kuwala. Manja ake analibe mphamvu, ndiye kambale ndinagwira ndine. Anayang'ana nthawi yaitali. Ankajambula, kuyang'ana, kujambulanso.

"Onani," anatero.

Ndinaika diso. Kanthu kaja kanali kakakulu ngati mlamba. Kumutu kunali timadontho takuda tisanu ndi kamodzi, titatu uku titatu uku. Anati ndi maso. M'kati mwa thupi munkaoneka lilime litapindidwa, ndi kasingano kowala kunsonga kwake. Ndinaona zonse zimene ananena. Ndinachotsa diso.

Anandiuza ndipere fodya pang'ono m'madzimo. Anati fodya amagonetsa tizirombo totere kuti tife titatambasuka, osalavula lilime. Tinadikira. Tizirombo tija tinagona zoona, towongoka ngati tiudzu. Anatiika mu sipiliti yekha, kamodzikamodzi. Kenaka anandipatsa pensulo.

"Malo omwe aja?"

"Ayi. Kapepala koyamba kananama. Ndinalemba ndine."

Anandiyang'ana. Khukhi anatuluka.

"Si ka m'mabango," ndinatero. "N'ka pa miyala, m'kati mwa nyanja, mikwamba khumi ndi inayi."

"Masabata asanu," anatero. Mawu ake anali otsika. "Masabata asanu m'matope."

"Inde."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinamuuza kuti malowo ndi a banja lathu, satchulidwa kwa mlendo. Ndinamuuzanso kuti mwana wanga ali pomwepo, ndipo khasu lake ndakhala ndikulikoka m'mawa uliwonse kuyambira sabata yoyamba. Ndinanena monga mmene ndalemberamu, osaonjezera. Sindinapepese. Ndinayenera kupepesa.

Anatembenuza botolo m'manja. Kenaka anafunsa dzina la malowo.

"Dzina sindilemba. Zizindikiro zake sindikuuzani."

"Kuya kwake n'koona?"

"N'koona. Ndayeza ndi chingwe chanu kambirimbiri."

"Pansi pake?"

"Mwala wokhawokha."

"Kuchokera kumtunda?"

"Kupalasa ngati kuyenda kuchokera pano kukafika kutchalitchi."

Anawerengera m'mutu, nandiuza mamailo oti ndilembe. Anati zimenezo zikwanira, nyongolotsi sidziwa dzina la malo. Ndinalemba timapepala tisanu ndi tiwiri. Kenaka ndinatsegula botolo loyamba lija, ndinavuula kapepala konama ndi kachitsulo kotolera, ndinalemba kena. Konamako anakatenga, nakaika m'buku lake. Sindidziwa chifukwa chake.

Atapeza mphamvu anandifunsa ngati ndingamutengereko atamangidwa nsalu kumaso. Sindinadziwe ngati akuseka. Ndinati ayi. Sanafunsenso.

Sitima inabwera patapita masiku khumi. Tinanyamula mabokosi kupita nawo kudoko. Khukhi anandigwira dzanja.

"Tsalani, akalaliki. Taye musaiwale."

"Pitani bwino. Nsomba ya m'chitini musapsereze."

Khasu linali lomaliza. Mzungu analiyang'ana, nayang'ana ine.

"Ili litsale," anatero. "Ndidzanena kuti linatayika m'madzi."

"Musalembe bodza," ndinatero.

Ndinakulunga chingwecho ndekha, mikwamba yonse makumi anayi, ndinamanga pakati, ndinachiika m'boti lopita kusitima ndi manja anga. Sanaumirire.

Ngati kanthu kaja kanali mtundu wakewake kapena mbale wa ka m'maiwe a kwawo, sindinamve. Anati adzalemba akakadula ndi kufananiza. Nkhondo inayamba, kalata sinabwere. Ndikudziwa chabe kuti mabotolo asanu ndi atatu anapita kutsidya kwa nyanja yamchere ndi dzanja langa m'kati, ndipo zimene zalembedwamo n'zoona.

Sitima itachoka ndinapita kwa asibweni. Ndinawapeza akusoka khoka.

"Mawa," ndinatero.

Anavomera ndi mutu osaleka kusoka.

Nthochiyo ndinadula ndekha kuseri kwa nyumba. Ndinaiyeza ndi thupi langa, ndinaonjezera zala zinayi, poti anali atandipitirira. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, madzi okhaokha. Anthu anabwera ambiri. Anaimba nyimbo za tchalitchi, akazi analira. Ine ndinaponya dothi langa n'kuima pambali.

M'mawa mwake mkazi wanga anatenga mphasa ija napita nayo kunyanja. Ndinamuona ali m'madzi mpaka m'mawondo, akuikwecha ndi mchenga. Utaka unali utayamba kuoneka. Ndinaitana anyamata awiri aja anapulumuka, tinakweza chilimira m'bwato.